Mlendo Kwathu Komwe: Ulendo wa Ndekha Kuchokera ku Ntaja Kukafika ku Balaka

Mu minibasi yochokera ku Zomba kupita ku Liwonde ndidakhala moyandikana ndi mtsikana wina wa ku Denmark. Chikwama chake cha kumsana chidali chachikulu ngati thumba la makala, moti chidatenga mpando wakewake. Adandiuza kuti asanabwere ku Africa adayenda yekha m'mizinda ya kumpoto kwa Ulaya, ku Copenhagen, Oslo, Stockholm ndi Helsinki, ndipo paliponse pomwe wafika ankalemba m'kabuku ngati malowo ndi oyenera kuwabwerera kapena ayi. Adati ku Copenhagen kuli kachifanizo ka mkuwa ka mtsikana wamchira wa nsomba, komwe kadakhazikidwa pamwala m'mbali mwa nyanja mu 1913. Msinkhu wake umangopitirira pang'ono mita imodzi, koma anthu amachokera kutsidya kwa nyanja kudzakaona, chifukwa aliyense amafika atamva kale nthano yake.

Titayandikira ku Machinga adaloza pawindo n'kufunsa dzina la mapiri omwe ankaoneka chakum'mawa. Ndidamuuza kuti ndi Chikala. Adafunsanso kuti, "Nanga kudachitika zotani kumeneko?" Pamenepo ndidangoti kukamwa yasa. Ine wobadwira m'dera la Kawinga, amene ndidakula ndikuliona phirilo mmawa ndi madzulo, ndidalibe choyankha. Manyazi amenewo ndiwo adandinyamulitsa chikwama.

Tchuthi changa chitakwana mu Ogasiti, ndidalongedza malaya atatu, chitenje chofunda, tochi, botolo la madzi ndi kabuku. Ndidaganiza zoyenda ndekha, osauza abale a m'njira, kuti pasapezeke wondikokera kunyumba kwake ndisanaone chomwe ndadzera. Muyeso wanga udali umodzi. Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 10 yemwe adabadwira ndi kukulira ku Lilongwe. Nditapatsidwa tsiku limodzi lokha loti ndimuonetse kumene ndidachokera, ndingamutengere kuti?

Ndidayambira ku Ntaja. Msewu wa tala wochokera ku Liwonde, umene umadutsa pa Nsanama, Ntaja ndi Nselema n'kukatulukira ku Namwera, umatchedwa Bakili Muluzi Highway, dzina la mwana wa kuno kwa Kapoloma amene adakhala mtsogoleri wa dziko mu 1994. Pa Ntaja padali piringupiringu wa tsiku la msika: mpunga m'mabeseni, nandolo, mbatata, matemba ouma, kaunjika, ndi anyamata a kabaza akulimbirana aliyense wotsika m'galimoto. Idali nyengo ya jando, ndipo chakumadzulo gulu la amayi lidadutsa likuvina manganje, fumbi lili koboo. Ntaja si malo oti mlendo angajambule chinthu chimodzi n'kunena kuti waona. Kukoma kwake n'kukhala pabenchi la tiyi, kumva Chiyao ndi Chichewa zikusinthana pakamwa pa munthu mmodzi, mpaka kuitana kwa swala kumveke kumzikiti.

Nyumba imodzi yokha ndiyo sindikadaidumpha, ya amjomba anga, mlongo wawo wa mayi. Atamva cholinga changa adandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwati kulibe maliro?"

"Kulibe, Mjomba."

"Sadaka? Chipatala? Kapena mwayamba geni ya mpunga?"

"Ayi, Mjomba, ndikungofuna kuona dziko."

"Dziko lake liti, poti ndi lomweli mudabadwiramo?"

Funso lawo lidali loona. Kwathu munthu sayenda chabe. Timayendera zovuta, ukwati, malonda ndi matenda, ndipo maso amakhala pa zomwe tikukachita, osati pa zomwe tikudutsa. Koma nditawafunsa za Chikala, nkhope yawo idasintha. Adakankhira mbale ya ugali pambali n'kuyamba kufotokoza momwe agogo awo ankasimbira: za mudzi wa Kawinga pamwamba pa phiri, za njira zopapatiza zomwe munthu mmodzi wamfuti ankatha kutsekereza gulu lonse, za amayi omwe ankakwera ndi mitsuko ya madzi pamutu, ndi za tsiku lomwe anthu adabalalika kuthawira kum'mawa. Adalankhula mpaka mafuta a nyali adatha.

Zomwe adanenazo zimagwirizana ndi zolembedwa. Mu 1891 asilikali a boma la Angerezi, motsogozedwa ndi Captain Cecil Maguire ndipo ambiri mwa iwo Asikh a ku India, adalimbana ndi Kawinga ku Chikala koma phirilo sadalilande. Lidagwa mu 1895, pa nthawi ya ulamuliro wa Harry Johnston. Nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri, ndipo amjomba sadabise iliyonse. Kawinga adali mfumu yomwe idakana kugonjera alendo m'dziko lake. Adalinso mmodzi mwa mafumu omwe mphamvu zawo zidakula ndi malonda a minyanga ya njovu ndi akapolo opita kunyanja yamchere. Ena mwa ife ndife zidzukulu za ogulitsa, ena za ogulitsidwa, ndipo ambiri magazi onse awiri ali m'thupi limodzi. Lero Kawinga ndi dzina la mfumu yaikulu ya Ayao, ndipo dzinalo timalitchula tsiku ndi tsiku osadziwa kulemera kwake.

M'mawa mwake ndidakwera njinga yamoto kulowera kunyanja ya Chiuta. Njira yake ndi ya mchenga, yodutsa m'minda ya chinangwa ndi m'madambo a mpunga omwe adali atakololedwa kale. Chiuta sakuonetsa nkhope yake msanga. Umayamba waona bango ndi milulu, kenako kanjira ka madzi komwe mabwato amatulukira, ndiye mwadzidzidzi nyanja n'kutseguka, ili phee, mapiri a ku Mozambique akuoneka kutsidya. Ndi nyanja yosaya, yogawana ndi anansi athuwo. Madzi ake amalowera kumpoto m'nyanja ya Amaramba, kumene kumayambira mtsinje wa Lugenda, womwe umakathira mu Rovuma. Ndidadabwa kuganiza kuti dontho la mvula logwa kuno silidutsa mu Shire ngakhale pang'ono, lili ndi njira yakeyake yokafikira kunyanja yamchere.

Msodzi wina wachikulire, yemwe ndidamupeza akukonza mono, adavomera kundiyendetsa pabwato. Ndidamupatsa moni wa kwathu, "Ajimwiche uli, Ambuje?" ndipo kuyambira pamenepo adanditenga ngati mwana wake. Adandionetsa pomwe amatchera makumba ndi milamba, n'kundifotokozera chinthu chomwe anthu a ku Chiuta amanyadira. M'zaka za m'ma 1990 kudadza asodzi ambiri ndi makoka a nkacha, omwe amakokolola chilichonse mpaka tiana ta nsomba, n'kuvundula madzi omwe anthu amamwa. Eni dera adagwirizana, adakhazikitsa makomiti a m'madooko, ndipo adawachotsa. "Sitidadikire munthu wochokera ku boma," adatero. "Nyanjayi ndi munda wathu. Munda wako ukalowa mbuzi, umalembera kalata ndani?" Mawu amenewo ndidawalemba m'kabuku, ndipo adanditsatira ulendo wonse.

Madzulo ndidafika pa Nayuchi, pamalire. Tsidya linalo ndi Entre Lagos, dzina la Chipwitikizi lotanthauza pakati pa nyanja, ndipo n'zoona: kumpoto kuli Chiuta, kumwera kuli Chilwa, pakati pali mtunda wa mchenga pomwe padayalidwa njanji. Njanji imeneyi, yochokera pa Nkaya ku Balaka, idatsegulidwa mu 1970 kuti dziko lathu lifike kudoko la Nacala. Nkhondo ya ku Mozambique idaitseka zaka zambiri, ndipo anthu othawa nkhondoyo adadzaza midzi ya m'malire muno mpaka mtendere udabwera mu 1992. Masiku ano pamadutsa sitima za malasha zochokera ku Moatize, pa njanji ya makilomita 912 yomwe kampani ya Vale ya ku Brazil idamanga ndi kukonzanso. Ndidaima ndi ana a sukulu n'kumawerenga mabogi mpaka tidasokonezeka. Chuma chonsecho chimadutsa pakhomo pa anthu osenza mitolo ya nkhuni, osaima. Ndidagona m'karesitihausi kena kopanda madzi, udzudzu ukulira usiku wonse. Nayuchi si malo a munthu wofuna zofewa, koma amene akufuna kumvetsa tanthauzo la kukhala dziko lopanda doko ayenera kudzaima pano.

Sitima ya anthu siyenda tsiku ndi tsiku, choncho ndidakonza ulendo kuti ugwirizane ndi tsiku lake. Mwa maulendo onse a sabata imeneyo, uwu ndiwo udali wotsika mtengo ndiponso wokoma. M'bogi mudali matumba a mpunga, madengu a nsomba zouma, nkhuku zomangidwa miyendo ndi amayi oyamwitsa. Pa siteshoni iliyonse manja ankalowa pawindo ndi nthochi, zitumbuwa ndi mizimbe. Mayi wina wa geni ya matemba, ataona kuti ndilibe kamba, adandinyemera chinangwa chophika.

"Achimwene, idyani. Ulendo wa sitima sudziwika pofikira."

Iyeyo ndiye adandifotokozera za Chilwa, yomwe madambo ake tinkawaona chakumwera. Chilwa ndi nyanja yachiwiri kukula m'Malawi, ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa, monga zidachitikira mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018. David Livingstone adaiona mu 1859, ndipo mu 1997 idalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse, makamaka chifukwa cha mbalame zake. Mayiyo sankadziwa za kaundulayo, koma ankadziwa zimbowera, timisasa toyandama tomwe asodzi amamanga pa udzu wa m'madzi n'kukhalamo miyezi. Ankadziwanso chaka chomwe nyanja idauma, ana ake awiri n'kusiya sukulu chifukwa geni idaima. Kwa mlendo Chilwa ndi malo a mbalame, kwa iye ndi fizi ya ana.

Tidafika pa Liwonde dzuwa litapendeka, ndipo ndidalunjika ku baraji. Ndadutsa pamlatho umenewu kosawerengeka, koma ndidali ndisadaimepo ndi kamodzi komwe. Kamuzu Barrage idamangidwa mu 1965, ndipo zaka zaposachedwapa idakonzedwanso. Ntchito yake ndi kusunga ndi kutulutsa madzi mwa muyeso. Shire ndiye mtsinje wokhawo wotuluka m'nyanja ya Malawi, ndipo kumunsi kwake kuli makina a magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira, komwe kumachokera magetsi ambiri a dziko lino. Zitseko za pa Liwonde zikatsegulidwa mosasamala, nyanja ingatsike n'kudzasowa madzi m'chilimwe. Zikatsekedwa kwambiri, makina kumunsi amachepa mphamvu ndipo a m'mphepete mwa nyanja madzi amawalowera m'nyumba. Mbiri imatichenjeza: kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 nyanja idatsika moti Shire adasiya kutuluka. Ndidaima pamenepo ndikuona namasupuni ataunjikana kumtunda kwa zitseko, mvuu zikufwenthera chapatali, anyamata akugulitsa chambo ndi chimanga chootcha. Palibe adandilipiritsa kalikonse, koma ndidachokapo nditamvetsa kuti babu la m'nyumba mwanga ku Lilongwe limayakira pano.

Tsiku lachinayi lidali la Liwonde National Park. Ndinene mosabisa: pa zokondweretsa maso, palibe chomwe chidafanana nayo. Pakiyi idakhazikitsidwa mu 1973 ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 548. Amalawi timalipira ndalama yochepa pachipata poyerekeza ndi alendo akunja, chinthu chomwe ambiri kwathu sadziwa. Ndidasankha kuyenda pa boti. Tidangochoka padooko n'kukumana ndi mvuu zili mitu yokhayokha pamadzi, ng'ona zitayasama pamchenga, nkhwazi ikulira pamwamba pa mgwalangwa. Kenako njovu zidatuluka m'nkhalango ya tsanya, zazikulu patsogolo, ana pakati, n'kulowa m'madzi osatilabadira. Ndili mwana njovu ndinkangoimva ngati chilombo chothyola chimanga cha anthu. Tsiku limenelo ndidaiona ikukankha mwana wake ndi chitamba kuti akwere gombe, ndipo misozi idalengeza.

Wotiyendetsa, mnyamata wa m'mudzi woyandikana ndi paki, ankadziwa chaka cha chilichonse. Bungwe la African Parks lidayamba kuyendetsa pakiyi mu 2015, nthawi yomwe misampha ya waya idali itadzaza tchire lonse. Adamanga mpanda wamagetsi, adachotsa misampha, ndipo nyama zomwe zidatha zidabwezedwa: ma cheetah mu 2017, mikango mu 2018, mimbulu mu 2021. Mu 2019 kudabwera zipembere zakuda 17 kuchokera ku South Africa. Njovu zidachuluka mpaka zina kusamutsidwa: mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 za ku Liwonde ndi Majete zidapita ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 zina 263 zidapita ku Kasungu. Sadabise kuti kukhala pafupi ndi nyama kuli ndi zowawa zake, maka njovu ikathyola mpanda kapena ng'ona ikagwira munthu kumtsinje. Chomwe chidandikhudza n'chakuti nyama iliyonse idali ndi woifotokoza. Mlendo sachoka muno ndi funso losayankhidwa.

M'mawa wotsatira ndidabwerera pamsewu wa ku Zomba, n'kukwera kabaza kupita ku zipilala za Malape, m'munsi mwa mapiri a Chikala. Ndi zipilala za dothi lofiirira zomwe madzi a mvula adasema pang'onopang'ono, kukokolola pofewa n'kusiya polimba, mpaka padatsala makoma ndi nsanamira zazitali ngati nyumba yomwe amisiri adaithawa isadafoleredwe. Ukalowa pakati pake mawu amachepa, kutentha kumakula, ndipo umadziona kuchepa. N'zodabwitsa ndithu, koma ola limodzi kapena awiri akukwana, ndipo ndi bwino kufika dzuwa lisanakwere. Dothi lake ndi losachedwa kugumuka, choncho okwera pamwamba kuti ajambulidwe akuwononga chomwe adzera.

Kuchokera pamenepo ndidakweza maso kuona Chikala ali chiimire. Mnyamata yemwe adandiperekeza, wa Fomu 3, ndidamufunsa ngati akudziwa zomwe zidachitika paphiripo. Adati kumachokera makala ndi nkhuni. Za 1895 adali asadamvepo. Sindidamuweruze, chifukwa miyezi ingapo m'mbuyomo nanenso ndidali chimodzimodzi. Mitengo m'mbali mwa phiri ikutha, matumba a makala ali ndandanda pamsewu, ndipo m'njira yonse yomwe ndidayenda sindidaone chikwangwani chouza wodutsa kuti pano padali likulu la mfumu yomwe idaimitsa asilikali a Angerezi.

Ndidatsiriza ndi Balaka, yomwe idali mbali ya Machinga mpaka idakhala boma palokha mu 1998. Ndi dziko louma, la milambe ndi thonje, ndipo tawuni yake idakula chifukwa cha njanji ndi mphambano za misewu. Woyenda ndi maso okha anganene kuti palibe choona kupatula tchalitchi chachikulu cha Akatolika cha St Louis Montfort ndi siteshoni ya sitima. Koma Balaka ndi tawuni ya makutu. Kuno ndiko kudabadwira Alleluya Band mu 1978, mothandizidwa ndi wansembe wa ku Italy, Bambo Mario Pacifici, ndipo m'manja mwa Paul Banda mudatuluka kaimbidwe komwe dziko lonse lidadzakatcha ka ku Balaka. Mng'ono wake, Lucius Banda, yemwe anthu ankamutcha Soldier, adabadwa mu 1970, adaimbira anthu osauka zaka makumi atatu, adakhalapo phungu wa Nyumba ya Malamulo, ndipo adamwalira pa 30 Juni 2024. Kunonso kuli Montfort Media, osindikiza mabuku ndi magazini ya The Lamp, komanso wailesi ya kanema ya Luntha. Ndidakhala pa chiimirire china pafupi ndi depoti ndikudya tchipisi, nyimbo za Soldier zikumveka m'mashopu atatu nthawi imodzi. Wokazinga tchipisiyo adandiuza komwe adali tsiku la maliro, ndi momwe tawuni idadzazira. Mbiri ya Balaka ikadali yamoyo chifukwa anthu akuiimba.

Usiku womaliza ndidatsegula kabuku kuti ndiyeze zomwe ndaona. Pa kukongola ndi chisamaliro, paki ya Liwonde ili patsogolo, ndipo Mmalawi aliyense amene angakwanitse apiteko kamodzi pa moyo wake. Pa phunziro lopanda malipiro, baraji ilibe mnzake. Pa mtendere wa mumtima, Chiuta. Pa kucheza ndi anthu, sitima ya ku Nayuchi. Malape ndi wa mmawa umodzi, Balaka ndi wa madzulo amodzi ndi khutu lotseguka.

Koma funso langa lidali la mwana, ndipo yankho lidandidabwitsa ine ndemwe. Njovu zili ndi mpanda, alonda ndi ozifotokoza. Zidzakhalapo chaka chamawa. Nyimbo za ku Balaka zili pa wailesi ndi m'mafoni. Chiuta ali ndi asodzi ake omwe adaonetsa kale kuti amadziwa kuteteza munda wawo. Nkhani ya Chikala yokha ndiyo ilibe mlonda. Ili m'mitu ya okalamba ochepa ngati amjomba anga, omwe maso ayamba kuchita chidima. Kachifanizo ka ku Copenhagen kamakoka anthu chifukwa eni ake sadaleke kusimba nthano yake. Ife tili ndi phiri lathunthu, lokhala ndi mbiri yoona, yowawa ndi yonyaditsa pamodzi, koma takhala chete.

Choncho ndikupempha mafumu a dera lathu, aphunzitsi a ku Ntaja, Nsanama, Nselema ndi Liwonde, ndi ife ana a kuno amene tili m'matauni: tikhale pansi ndi okalamba akadali moyo, tijambule mawu awo pa mafoni omwe tili nawo kale, tilembe m'Chiyao ndi m'Chichewa, ndipo tiike chikwangwani pamsewu. Ana a sukulu apite kukaona njovu, koma apitenso patsinde pa Chikala. Sizifuna thandizo lochokera kunja. Asodzi a ku Chiuta sadalembere munthu kalata.

Ine ndayamba ndi nyumba yanga. Sukulu ikatsekera mu Disembala ndidzamutenga mwana wanga, tidzatsikira pa Ntaja, tidzawanyamula amjomba, ndipo tidzakakhala pomwe phiri likuonekera bwino kuti amve yekha kuchokera pakamwa pa ambuje ake. Inunso kwanu kuli phiri, dambo kapena mtengo womwe mumaudutsa osafunsa. Funsani lero, eni nkhani akadalipo.